Kubira pansi pa madzi ku Antarctica ndi ku Svalbard pa sitima zing'onozing'ono: zida, malire ndi zimene zimavuta

Nangondo: Akuluakulu, ndithandizeni. Makampani a maulendo a ku Antarctica amalemba kuti wofuna kukabira kumeneko akhale atabirapo ndi drysuit (suti yosalowa madzi) kosachepera ka 30, ndiponso abwere ndi ma regulator awiri (zida zopumira mpweya wa m'silinda). Kodi n'kungokhwimitsa zinthu kapena pali chifukwa chenicheni? Funso lachiwiri, bwanji aliyense amati sankhani sitima yaing'ono, pomwe yaikulu ndiyo siigwedezeka kwambiri ndi mafunde?

Mlondamadzi: Ndiyambe ndi la sitimalo achemwali, chifukwa ndi lapafupi. Bungwe la IAATO, lomwe makampani a maulendowa anakhazikitsa mu 1991, lili ndi malamulo atatu amene amathetsa nkhani yonseyi. Sitima yonyamula alendo oposa 500 siitsitsa munthu kumtunda, anthu amangoonera ali m'kati. Pamalo amodzi sipatsika alendo oposa 100 nthawi imodzi. Ndipo pa alendo 20 alionse pakhale wotsogolera mmodzi. Ndiye werengani nokha. Sitima ya alendo 100 imatsitsa onse kamodzi, m'mawa ndi masana. Ya alendo 300 imachita kuwagawa katatu, gulu lililonse n'kudyerera nthawi yambiri likudikira. Wobira ndiye amapwetekeka kwambiri, chifukwa kuvala kokha kumatenga theka la ola, ndipo bwato lake laling'ono lamphira la Zodiac silinyamula anthu 10 kapena 12 ngati la oyenda kumtunda. Masilinda a mpweya ndi mtovu wodzilemetsera zimatenga malo, choncho amakweramo ochepa. Komanso sitima yaing'ono imalowa m'magombe opanikizika momwe yaikulu siingayerekeze.

Kugwedezekako n'koona. Kuchokera ku Ushuaia ku Argentina kudutsa nyanja ya Drake Passage ndi masiku awiri kupita, awiri kubwera, ndipo sitima yaing'ono imavina ndithu. Osafuna zimenezo amakwera ndege ku Punta Arenas ku Chile kukatsika pa King George Island, chilumba cha m'mphepete mwa Antarctica, ulendo wa maola awiri, koma kumeneko katundu amamuyeza mokhwima, ndipo nkhungu ikatseka bwalo mutha kukhala masiku mukudikira. Maulendo ambiri okhala ndi kubira ndi odutsa pa Drake pomwepo.

Bambo wa Regulator: Za ma regulator awirizo mundisiyire ine, dzina lomweli likundikakamiza.

Madzi a m'nyanja yamchere amaundana akafika pafupifupi madigiri -1.9. Ku Antarctic Peninsula m'chilimwe mumabira m'madzi a pakati pa -1 ndi +2. Tsopano m'silinda muli mpweya wopanikizidwa kufika pa 200 bar. First stage, gawo la regulator lomangidwa pa silinda, imautsitsa kufika pa 9 kapena 10 bar, second stage, gawo lolumidwa m'kamwa, n'kuutsitsanso kuti ufanane ndi madzi okuzungulirani. Mpweya ukamafutukuka chonchi umazizira kwambiri, n'kuziziritsa chitsulo chimene ukudutsamo. M'madzi ofunda palibe vuto chifukwa madziwo amabweza kutentha. M'madzi a -1 alibe chobweza chokwanira. Kadontho kalikonse kamene kali pa spring ya first stage kapena pa lever ya second stage kamasanduka ayezi, valavu n'kukanika kutseka. Mpweya umayamba kutuluka wokha. Poyamba ndi tithovu tochepa tosaleka, kenako chiphokoso, ndipo ukamatuluka wambiri chitsulo chimazizirirabe, ayezi n'kumawonjezeka. Imeneyi ndiyo free flow, ndipo imadzidyetsa yokha, siisiya mpaka mutatseka valavu kapena silinda itatha, ndipo kutha kwake ndi mphindi zowerengeka.

N'chifukwa chake masilinda a pa sitimazi, omwe nthawi zambiri ndi achitsulo a malita 12, amakhala ndi valavu ya milomo iwiri, ya Y kapena ya H. Mlomo uliwonse uli ndi first stage yakeyake ndi second stage yakeyake. Octopus, yomwe ndi second stage yapadera, yolumikiza ku first stage imodzi yomweyo si regulator yachiwiri, chifukwa first stage ikaundana zonse ziwiri zapita.

Kalumikizidwe: paipi ya BCD (jekete yothira mpweya yodziyandamitsira) ku first stage imodzi, ya drysuit ku inayo. Mukatseka mbali imodzi mumatsalabe ndi njira yodziyandamitsira. Ma first stage onse akhale otsekedwa kuti madzi asakhudze spring, ndipo akhale oyesedwa pa muyezo wa EN 250 wa madzi ozizira. Mukaona palembedwa >10°C, imeneyo isiyeni kunyumba.

Nangondo: Zikomo bambo. Ndiye ikayamba kutuluka ndili pansi, ndiyambe chiyani?

Bambo wa Regulator: Lumani yachiwiri kaye, pumani kawiri muone kuti ikugwira. Onetsani mnzanu chizindikiro, atseke valavu ya yomwe ikutulukayo. Ngati mkono wanu umafika kumbuyo tsekani nokha, koma ndi zovala zochindikala zija ambiri safikako, choncho gwirizanani musanalowe kuti valavu ya kumanja ndi ya regulator iti. Mnzanu akasokoneza n'kutseka yomwe mukupumirayo ndiye mwaonjeza vuto pa vuto. Mukatero kubira kwatha, kwerani pang'onopang'ono. Ngati kutseka kwakanika, regulator yotuluka mpweya imapumirikabe: musaitsekere milomo yonse, lumani mbali imodzi mutapendeketsa mutu, muzimwa mpweyawo ngati madzi a pampopi. Mano amawawa koopsa koma mumafika pamwamba.

Kamba: Ena amaphunzitsa kuti ukatseka, dikira mphindi ziwiri ayezi asungunuke, tsegula, pitiriza.

Bambo wa Regulator: Zimatheka achimwene, ayeziyo amasungunukadi. Koma yaundana kamodzi chifukwa mwalowa chinyezi, ndipo chinyezicho sichinachoke. Kumalo kopanda chipatala ine ndingati kwerani.

Mayi Chisanu: Vuto lalikulu la free flow limayambira m'bwato, osati pansi. Anthu anazolowera kuyesa regulator popuma katatu kanayi asanalowe, ena kudina purge, batani lotulutsa mpweya pa second stage. Kumalo ozizira chizolowezi chimenecho ndicho chimapha regulator. Mpweya wotuluka m'kamwa uli ndi nthunzi, nthunziyo imakhala pa lever, mphepo ya pa Zodiac yothamanga n'kuiumitsa. Yesani zonse muli m'kati mwa sitima momwe muli mofunda, kenako osaigwiranso. Pa bwato ingotsegulani valavu, muone geji. Mukagwera m'madzi, mizani second stage ndi nkhope, ndiyeno mupume koyamba ili pansi pa madzi. Zimamveka zachilendo koma madzi a -1 ndi ofunda kuposa chitsulo chimene mpweya wangodutsamo, ndiye madziwo ndi amene amaiteteza.

Pansi napo, musapume mwamphamvu uku mukudina batani la drysuit. Kadineni pang'onopang'ono, sekondi imodzi, siyani, pumani, dinaninso. Pofufumitsa SMB, chibaluni chosonyeza bwato pomwe muli, musagwiritse ntchito purge ya regulator imene mukupumira. Mukatuluka, musatsuke second stage ndi madzi ngati mubiranso masana, pokhapokha muli ndi nthawi yoiumitsa mpaka kadontho komaliza. Ndipo pochotsa first stage pa silinda pukutani kachivindikiro kake, madzi asalowe m'kati.

Kamba: Zonsezo n'zoona, koma chimene chimatulutsa anthu ambiri m'madzi si regulator, ndi zala. Mpweya umakhala ulipo. Tiwerenge: malita 12 kuchulukitsa ndi 200 bar ndi malita 2,400. Chotsanipo 50 bar yosunga, atsala 1,800. Munthu wopuma malita 20 pa mphindi ali pamwamba, pa mamita 20 amadya 60, ndiye mphindi 30. Pa mamita 10 amadya 40, mphindi 45. Zala za anthu ambiri zimakhala zitagonja zisanakwane zimenezo. Ndipo zala zikafa simungatsegule clip, simungachotse paipi ya drysuit, simungagwire chingwe cha bwato. Lamulo labwino: zala zikayamba kuwawa, yambani kubwerera. Zikasiya kuwawa ndiye mwachedwa kale.

Ine ndili kumbali ya magolovesi osalowa madzi, a ma ring, okhala ndi aubweya m'kati. Musaiwale kulowetsa kachingwe kapena kapaipi kakang'ono pansi pa seal ya pamkono, mphira wotseka madzi uja, kuti mpweya wa m'suti uzifika m'golovesi. Popanda zimenezo, pa mamita 15 golovesi imafinya dzanja, ubweya n'kuphwatalala, kutentha konse kwapita.

Mlondamadzi: Apo ndiye tisiyane pang'ono a Kamba. Golovesi youma ndi yabwino mpaka tsiku limene yabooka. Kuboola kwake sikuvuta: m'mphepete mwa chitsulo cha sitima yomira, kapena tsitsi limodzi la ubweya litapanikizika pa O-ring. Madzi a -1 akadzaza golovesi ya mphira, dzanja limafa m'mphindi zochepa, ndipo kapaipi kanu kaja kamawalowetsa m'mkono. Yolowa madzi ya neoprene (mphira wofewa) ya mamilimita 7, ya zala zitatu, ilibe chimene chingaonongeke mwadzidzidzi. Mukathiramo madzi ofunda musanalowe imakusungani theka la ola bwinobwino.

Kamba: Ndi zala zitatu mugwira bwanji kamera?

Mlondamadzi: Movutikira. Koma mutuluka ndi manja.

Mayi Chisanu: Nonse mukunena zoona, mutengere zonse ziwiri, sizilemera. Chachikulu n'choti zimene mukavale kumeneko mukhale mutaziyesa kale kangapo. Ndi tanthauzo la ka 30 kamene a Nangondo afunsa kaja. Si satifiketi imene ikufunika, ndi manja ozolowera. Zovala zam'kati zochindikala zimasunga mpweya wambiri, ndiye mumafuna mtovu wochuluka, kawirikawiri makilogalamu 12 mpaka 16. Mpweya wochulukawo ukathawira kumapazi mumatembenuka miyendo m'mwamba, valavu yotulutsira ili paphewa pansi, n'kuyamba kukwera mosaletseka. Wozolowera amadzipinda, n'kugubuduka, n'kukweza phewa lamanzere asanaganize n'komwe. Batani lolowetsera mpweya nalo limaundana lili lotseguka, suti n'kumafufuma. Mankhwala ake n'kuchotsa paipi pachifuwa msangamsanga, mutavala magolovesi omwewo. Yesererani zimenezi pamadzi osaya mpaka zilowe m'magazi.

Zam'kati zisakhale za thonje. Thonje likanyowa ndi thukuta limazizira. Yambani ndi chopyapyala cha ubweya wa merino kapena cha ulusi wochotsa thukuta, pamwamba chochindikala. Chipewa cha neoprene cha mamilimita 7 kapena kuposa, chogwira bwino pachipumi ndi m'masaya. Milomo ndi khungu lozungulira pakamwa zimawawa mphindi yoyamba kenako zimachita dzanzi, ndipo mlomo wadzanzi sumva ngati regulator yayamba kupulumuka, choncho muziigwira ndi dzanja nthawi ndi nthawi. Tengani seal ya pakhosi ndi ya pamkono yapadera, guluu, sera ya zipi, ndi chingwe china cha mask. Pa sitima palibe sitolo ya zida.

Nangondo: Ndaonanso kuti salola kupitirira mamita 20. Kwa munthu wozolowera 30 kapena 40, si kumana anthu zinthu kumeneko?

Dokotala wa Pagulu: Ayi achemwali. Pa sitimazi pamakhala dokotala ndi oxygen, koma palibe chamber, chipinda cha mpweya wopanikizidwa chothandizira wodwala matenda a decompression, obwera nitrogen ikachita thovu m'thupi pokwera. Kuti wodwala afike kumene ili, sitima iyende mwina tsiku lathunthu kukafika pa King George Island, ndege ibwere ngati nyengo yalola, ulendo wa alendo ena onse n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake malire ndi mamita 20, palibe kubira kofuna ma decompression stop (kuima kokakamizika pokwera kuti nitrogen ituluke), palibe kulowa pansi pa ayezi wotseka pamwamba, ndipo inshulansi yanu ikhale yonena momveka kuti ikulipira kubira komanso kukutengani kuchokera ku Antarctica.

Kuzizira kumasokoneza mawerengedwe a kompyuta yanu yobirira. Mumalowa muli ofunda, magazi akuyenda bwino, thupi n'kumamwa nitrogen mofulumira. Pomaliza mwazizira, mitsempha ya pakhungu ndi m'manja yafinyika, nitrogen ija ikutuluka mochedwa. Kompyuta siidziwa zimenezo. Ikani pa muyezo wosamala kwambiri, ndipo imani mphindi 3 mpaka 5 pa mamita 5 ngakhale mukunjenjemera. Amene ali ndi vesiti yotenthetsa ya batire, musaiyatse mwamphamvu poyamba n'kudzathera batire pakati, chifukwa mwakulitsa vuto lomwelo. Yambani ili yozima kapena yotsika, muikweze pokwera. Batire lake likhale kunja kwa suti.

Mukatuluka musathamangire shawa yotentha kapena sauna. Vulani zonyowa, valani zouma, imwani chofunda, thupi lidzibwerera lokha. Dziwaninso kuti kutentha kwa m'kati mwa thupi kumapitiriza kutsika kwa kanthawi mutatuluka kale, ndiye munthu amene amaoneka bwino pokwera bwato atha kuyamba kulankhula zosamveka patapita mphindi 15. Muziyang'anirana. Madzi akumwa musadzimane poopa kukodza. Kuzizira kumakodzetsa ndithu, koma thupi louma ndilo limagwidwa msanga ndi matenda a decompression. Ndipo pakati pa kubira komaliza ndi kukwera ndege papite maola osachepera 18, ambiri amati 24. Odutsa pa Drake amakwanitsa zimenezi osaganizako.

Kamba: Kuonjezera apo, pansi pa mamita 20 si kumene kuli zambiri zimene munapitira. Mamita oyambirira amakhala opalidwa ndi ayezi woyandama, miyala yokhayokha ndi nkhono zomatirira. Kuyambira cha pa 10 kutsika ndiye moyo umayamba: ndere zikuluzikulu zofiirira, nyenyezi zofiira za m'nyanja za mtundu wa Odontaster, masiponji, akangaude a m'nyanja, ndi Glyptonotus, kachilombo konga nyongolotsi ya zigamba kamene kamakula kudzaza chikhatho. Nsomba n'zochepa ndipo zimangokhala phee pamwala. Magazi ake ali ndi mapuloteni oletsa kuundana. Pa Foyn Harbour, pafupi ndi Enterprise Island, pali Governoren, sitima yokonzera anangumi yomwe inapsa mu 1915. Mutu wake udakali pamwamba pa madzi, thupi lili m'malire a mamita omwewa.

Za kuona patali: November ndi kuchiyambi kwa December madzi amakhala oyera chifukwa tizomera ta m'madzi sitinachuluke. Pakati pa chilimwe amasanduka obiriwira, nthawi zina osaona mnzako ali mamita atatu. Kumapeto kwa February ndi March amayambanso kuyera, ndipo anangumi amakhala ambiri.

Mlondamadzi: Tisaiwale mapiri a ayezi, chifukwa ndi amene amakoka anthu ambiri. Gawo lalikulu, pafupifupi magawo 9 mwa 10, lili pansi pa madzi, ndipo limasungunuka kunsi mpaka tsiku lina kulemera kumasintha, phiri lonse n'kugubuduka popanda chenjezo. Wotsogolera amasankha laling'ono, lalifupi, lopanda denga lolendewera ndi ming'alu, makamaka lokhazikika pansi. Musalowe m'mapanga ake, musapite kunsi kwake. Mukamva kuthetheka kosaleka ngati mafuta pamoto, ndi mpweya wakale ukutuluka mu ayezi, zimenezo n'zachizolowezi. Mukamva kugunda kwakukulu kofika m'chifuwa, sambirani kutalikira.

Chimene chimadzidzimutsa ambiri ndi ichi: pafupi ndi khoma la ayezi pali madzi osungunuka opanda mchere wokwanira. Madzi opanda mchere amanyamula mochepa ndi magawo awiri ndi theka pa 100 alionse. Wobira wolemera makilogalamu 120 ndi zida zake atha kutaya mphamvu yoyandama yofika makilogalamu atatu akalowa m'madzi otero. Mumangoona mukutsika popanda chifukwa, mumathira mpweya, mukatalikira mita imodzi mwabwerera m'madzi amchere, mukukwera. Pomwe madzi awiriwa akusakanikirana pamaoneka mbuu ngati mask yachita nthunzi. Khomalo ndi loyera mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, diso lilibe pogwira, ndiye maso akhale pa kompyuta. Ngati phirilo likuyandama, likuyendanso ndi madzi, ndipo pansi pake patha kukhala mamita mazana.

Nangondo: Nanga zilombo? Za leopard seal zimandiopsa.

Mayi Chisanu: Mantha ake ndi oyenera koma asapitirire. Ndi chilombo cha m'nyanja chotalika mamita atatu, cha mutu waukulu ndi mano akuthwa, ndipo chimachita chidwi ndi anthu. Chimabwera, chimazungulira, nthawi zina chimayasamula patsogolo pa kamera. Imfa yodziwika ndi ya mu 2003, pomwe wasayansi wa British Antarctic Survey anakokeredwa pansi akusambira pamwamba ndi snorkel pafupi ndi siteshoni yawo ya Rothera. Pamwamba pa madzi ndi m'mphepete mwa ayezi ndi pomwe chimasakira ma penguin, ndiye musachedwepo. Chikabwera, khalani pamodzi ndi mnzanu, muchiyang'ane, kamera ikhale pakati pa inu ndi icho, musatambasule dzanja. Chikayamba kubwera mothamanga, kutulutsa thovu kapena kugunda zipsepse zanu, kwerani mwadongosolo mutuluke. Chimalumanso ngakhale machubu a Zodiac.

Bambo wa Regulator: Kumpoto nkhani ndi ina. Ku Svalbard, zilumba za dziko la Norway za ku Arctic, maulendo amayambira ku Longyearbyen, nyengo yake ndi cha mu June mpaka August, ndipo palibe nyanja ya masiku awiri yoti muwoloke. Madzi a kumadzulo kwake ndi ofundirako pang'ono chifukwa cha mtsinje wa m'nyanja wochokera ku Atlantic, ndipo pansi pali nkhalango za ndere zazitali za kelp, nkhanu, ndi tinthu toonekera m'kati touluka ndi timapiko totchedwa Clione. Koma walrus, chinyama chachikulu cha m'nyanja cha minyanga, akaoneka palibe kukambirana, palibe wolowa m'madzi. Chimbalangondo choyera chimasambira bwino, choncho otsogolera amayamba aunguza gombe lonse ndi ma binoculars ndipo amanyamula mfuti. Kuyambira January 2025 dziko la Norway linakhwimitsa malamulo: m'madera otetezedwa sitima isapitirire alendo 200, malo otsikira ndi 43 okha, ndipo chimbalangondo muchitalikire mamita 300, kapena 500 kuyambira March mpaka June. Apanso sitima yaing'ono yapambana.

Kamba: Pa za malamulo, kum'mweranso zida zanu zimayenderedwa musanatsike koyamba. Velcro, matumba a BCD ndi zipsepse zikhale zotsuka ndi zouma, popanda kambewu kapena kandere kochokera kunyanja ina. Nsapato zimaviikidwa m'mankhwala popita ndi pobwera. Chifukwa cha chimfine cha mbalame cha H5N1, chomwe chinapezeka ku Antarctica mu 2024, kumtunda saloleza kukhala pansi, kugwada kapena kutula chikwama. Ma penguin muwatalikire mamita 5. Pansi pa madzi musatole kanthu, ngakhale fupa la nangumi.

Nangondo: Funso lomaliza, mwina lopepera. Ndi mtovu wonsewo ndi manja akufawo, munthu amakwera bwanji m'bwato lopanda makwerero?

Mlondamadzi: Si lopepera, ndi pamene ambiri amataya zinthu. Polowa mumagwa chagada nonse nthawi imodzi woyendetsa akawerenga, kuti wina asagwere mnzake. Potuluka dongosolo lake ndi ili. Gwirani chingwe cha m'mbali mwa bwato, regulator ikhale m'kamwa, mask pankhope. Perekani kamera. Kenako mtovu: lamba mumugwire mbali yopanda chomangira kuti zitsulo zisapulumuke, ndipo musamusiye mpaka woyendetsa atanena kuti wagwira. Thirani mpweya mu BCD, chotsani paipi ya drysuit pachifuwa, ambiri amaiwala imeneyi n'kudzipeza atamangiririka ku silinda imene ikukokedwa. Masulani chomangira cha paphewa limodzi, vulani, woyendetsa akoke silinda. Zipsepse musavule. Dzimizeni pang'ono, menyani miyendo mwamphamvu, mugwere pachubu ndi mimba, wina akukokeni. Tsekani valavu ya paphewa musanayambe zonsezi, kuti mpweya wa m'suti ukuyandamitseni mukavula BCD.

Mayi Chisanu: Ndipo m'bwatomo mukhale mutasiya chipewa chouma ndi magolovesi ouma m'kathumba kosalowa madzi, pamwamba penipeni, osati pansi pa masilinda. Zipi ya suti musaitsegule mpaka mutakwera sitima. Kamera muisiye m'chikwama chotseka kwa ola limodzi isanalowe m'chipinda chofunda, apo ayi galasi lichita nthunzi m'kati. Mabatire apadera muwasunge m'thumba la pachifuwa, ozizira amatha msanga.

Bambo wa Regulator: A Nangondo, ma regulator anuwo akapite ku service miyezi iwiri ulendo usanafike, osati sabata yomaliza, ndipo mukabire nawo kawiri katatu akabwerako. Muuzeni wokonzayo kumene mukupita. Ena amatsitsa pang'ono intermediate pressure, mphamvu ya mpweya wotuluka mu first stage, m'malire a wopanga, n'kulimbitsa second stage kuti isamatseguke ndi kakugwedeza kalikonse. Tengani ma first stage a DIN, omangidwa pa valavu mopotera ngati sikulufu, ndipo mufunse kampani ngati mavalavu awo ali a DIN mbali zonse ziwiri.